Mwana wa pa Benchi Yakumbuyo

Lachiwiri, 4 Marichi
Aphunzitsi andiitananso. Akuti mtsikana wanga abwerezenso kalasi. "Mutu wake ndi wouma, mayi, sitingaukakamize." Ine kungoti zikomo. Zikomo ya chiyani? Pobwerera iye patsogolo, kudumphadumpha, alibe nazo ntchito. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Apongozi ati watengera kwathu.

Lachisanu, 14 Marichi
Kwa dokotala woyeza nzeru za ana. Kachipinda kothina, tebulo lalifupi, fani yakufa. Ine pakona. Dokotala anamupatsa mwana timatabwa tamitundumitundu kuti apange chithunzi cha pakhadi. Wamaliza dokotala asanakhazikike n'komwe. Zithunzi zosowa mbali, zonse kukhoza. Kenako mafunso apakamwa. Dokotala akafunsa atamuyang'ana, mwana kuyankha. Atafunsa atawerama uku akulemba, mwana duu. Anafunsanso ataphimba pakamwa ndi pepala. Duu.
Akuti nzeru si chinthu chimodzi. Pali kuona, kukumbukira, kumva mawu, ndipo mwana akamagwa mbali imodzi yokha pamafunika kufufuza. Atitumiza kwa a makutu.

Lachitatu, 19 Marichi
Ndi makutu. Lakumanzere limamva pang'ono, lakumanja pafupifupi ayi. Mwina kuyambira matenda aja ali wakhanda. Nthawi yonseyi amangowerenga milomo yathu, ndipo kusukulu anamuika benchi yakumbuyo poti ndi wamtali. Dokotala anati, "Mwana wopanda nzeru sakanakupusitsani nonsenu zaka zonsezi." Ndinaseka, kenako misozi, pakhonde, anthu akuona. Kufika kunyumba ine tulo tamasana, tofa nato. Koyamba chaka chino.
Apongozi: "Ndinkadziwa ine, nzeru zimenezi n'zakwathu." Ndangowasiya.

Lolemba, 7 Epulo
Kachipangizo kakukhutu kafika. Sakukafuna, akuti kakuyabwa. Tagwirizana kuti azikavula posamba ndi pogona basi. Aphunzitsi amusamutsira kutsogolo. Sanandiyang'ane m'maso, inenso sindinawavute. Zobwereza kalasi tiona temu ikatha. Watsalira kwambiri, koma tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho.

Loweruka, 12 Epulo
M'mawa wazungulira nyumba yonse kusaka chomwe chikulira. Firiji. Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja pachitseko. Tikudya masana wayang'anitsitsa bambo ake, nkhope itakwinyika: "Adadi, kodi mumatafuna chonchi masiku onse?" Apongozi mpaka kutsamwa ndi kuseka. Bambo ake anyamuka, ati akukaona njinga. Ndawaona pawindo, ataima pafupi ndi mpopi, akupukuta m'maso ndi kolala ya shati.