Kangolo ka Pambali pa Njinga ya Bambo

Wardiyan, Alexandria
Loweruka

Okondedwa Achimwene Refaat,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu pamodzi ndi onse a pakhomo. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Nanga alamu anga a Sabah ndi ana ali bwanji? Kuno m'thupi tonse tili bwino, Mulungu atamandike, koma mutu wanga wokha ndiwo sukugwira.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani. Pafoni mumayamba kukalipa munthu asanamalize kulankhula, koma pepala simungalidule mawu. Ndapatsira Mamduh wa azakhali, amene akukwera sitima mawa. Muwerenge mutakhala pansi, muli nokha, ndipo mufike kumapeto musanaitane aliyense.

Mukukumbukira mmene Bambo analili pamene munawabweretsa kuno Amayi atamwalira. Munati akakhala pafupi ndi madokotala komanso adzukulu mwina mtima ukhala pansi. Sizinatero. Ankangokhala pampando wa pawindo kuyambira swala ya m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tiyi n'kumazizirira m'manja. Munthu amene anaphunzitsa Chiarabu mudzi wonse mpaka kupuma pa ntchito anafika poti tsiku lathunthu osatulutsa mawu.

Pansi pa nyumba yathu pali kagalaja kamene bambo a kuno, a Sobhi, amaunjikamo zakutha. Pakona pake panali njinga yamoto yakalekale imene mwini nyumba woyamba anaisiya, ya nthawi imene Bambo anali mnyamata. Matayala anali ong'ambika, thanki ili dzimbiri lokhalokha, ndipo pachishalo amphaka anali ataswerapo kangapo. Tsiku lina ndinawapempha dala Bambo kuti akanditengere beseni kumeneko, n'cholinga choti angowongolako miyendo. Anachedwa. Nditatsika ndinawapeza atagwada, akupukuta nyale ya njingayo ndi mkono wa mkanjo wawo.

Pa chakudya anapempha a Sobhi kuti awapatse njingayo. A Sobhi anaseka n'kunena kuti atenge ndi amphaka omwe.

Achimwene, awa ndi Bambo omwe aja amene babu likapsa ankaitana Amayi. Chibadwire sanagwirepo sipanala.

Anaimasula yonse mpaka inatsala chigoba. Mathireyi anga ophikira makeke a Idi onse anathera kugalaja, atadzaza mabawuti onyikidwa m'palafini. Lachisanu akatuluka mumzikiti ankapita kumsika wa zakale kukasakasaka zitsulo, n'kubwerako atanyamula tcheni kapena mawaya monyadira ngati agula nyama. Kangapo konse anamanga injini n'kupeza tizitsulo tatsala m'thireyi, n'kumasulanso kuyambira poyamba. Anadziphwanya chala ndi hamala mpaka chikhadabo chinachoka. Mikanjo yawo yonse inada ndi oyilo. Ndinkadandaula ndi pakamwa pokha, chifukwa anali atayamba kudya, ndipo nthawi zina ankapempha kuti ndiwaonjezere.

Amuna a pamalo omwera tiyi a kutsidya kwa msewu sankawasiya. Tsiku lina wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, malirowo muika liti? Mutiuze tidzakuthandizeni kunyamula!" Bambo osatukula n'komwe mutu anayankha kuti, "Yamba wadzinyamula wekha pampandopo. Chibwerere ine mumzinda muno sindinakuonepo utaimirira." Anzake anamuseka mpaka anasamukira mkati.

Tsiku limene inalira, inaphulika ngati mfuti. Nkhunda zonse za padenga zinabalalika, utsi unadzaza msewu, ndipo mayi wa pamwamba pathu anakuwa kuti moto. Ndinatsika ndi ndowa ya madzi. Ndinawapeza Bambo nkhope ili bii, akuseka mpaka misozi. Chimwalirire Amayi kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve. Ndi sabata imene ija ndinakuuzani pafoni kuti Bambo apeza chochita. Sindinakunamizeni, kungoti nanenso ndinkangoona theka.

Itayamba kuyenda ndinkayesa athana nayo, koma ayi. Anaipenta yobiriwira, n'kulemba dzina la mudzi wathu pathanki ndi zilembo zawo zokongola zija. Kenako anapita kwa wowotcherera kukapangitsa kangolo ka pambali, ka tayala limodzi, kokhalamo munthu. A Sobhi ankati n'konyamulira mabotolo a gasi. Ine ndinkati n'ka adzukulu. Koma kanali ndi popondera pokwerera pafupi kwambiri ndi pansi, chogwirira, kadenga ka nsalu kotchinga dzuwa, komanso malo otambasulira mwendo wakumanzere. Ndinaona zonsezi ndi maso angawa, osafunsa.

Chishalo ndi mpando wa m'kangolomo anasoka ndi Mayi Inshirah, amasiye achikulire amene ali ndi kashopu kosoka mipando ya magalimoto kuseri kwa msika. Ntchitoyo anaitengera kwa malemu amuna awo. Amakhala pakati pa madalaivala tsiku lonse, mawu awo ndi aakulu, ndipo amatsimphina mwendo wakumanzere. Ankabwera kugalaja kudzayeza. Mpando umodzi, Achimwene, kuuyeza mwezi wonse! Ine wopusa ndinkawatsitsira tiyi ndi mabisiketi.

Lachisanu la sabata yatha ndinkaphika thelere la denje ndi nkhuku, kudikira kuti amuna abwere kuchokera ku swala. Anachedwa kwambiri. Kenako ndinamva njinga, hutala, ndi akazi akululutira mumsewu. Nditasuzumira pakhonde ndinaona Bambo ali mu mkanjo woyera ndi nduwira yawo ya pa zikondwerero, chipewa cha njinga atachikoleka pa chiwongolero poti sichikanalowa pa nduwirayo. M'kangolo munali Mayi Inshirah, atafunda mpango woyera, maluwa ali pamiyendo. Kumbuyo kwa Bambo kunali a Sobhi, atawagwira m'chiuno, akuyang'ana kulikonse kupatula pakhonde pamene ndinali.

Ankachokera kwa shehe womangitsa maukwati. Bambo akwatira, Achimwene. Mmodzi wa mboni anali mwamuna wanga.

Sindikudziwa mmene ndinatsikira masitepe. Ndinangozindikira ndili mumsewu, chipande chili m'manja.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi njinga, mwana wanga. Waiona miyezi yonseyi."

"Sindikunena njinga!"

"Oo. Awa ndi akazi anga. Apatse moni."

Pamaso pa msewu wonse ndinalankhula zimene sindinaganizepo kuti ndingawauze Bambo. Ndinawafunsa ngati Amayi awaiwala kale. Ndinati amuna amakwatiranso, inde, koma osati chonchi, ngati mnyamata wothawitsa mtsikana, osauza ana, osatuma akuluakulu. Ndinati atichititsa manyazi. Akazi aja analeka kululutira. Bambo anazimitsa injini.

"Tahani," anatero, "ndikadakuuza, iwe ukadaimbira mlongo wako, mlongo wako akadaitana amalume ako, amalume ako akadaitana mudzi wonse, ndipo ine ndikadabwerera pawindo paja kukadikira yankho. Amayi ako ndinawalira mpaka ndinatsala pang'ono kuwatsatira. Unkandiona iweyo tsiku ndi tsiku. Kodi zija ndiye zinkakukomera?"

Apo Mayi Inshirah anatsika m'kangolo pang'onopang'ono, n'kuima patsogolo panga.

"Kalipa, mwana wanga, usasunge," anatero. "Akadakhala bambo anga, ine ndikadaswa mbale zonse m'nyumba. Koma sindinabwere kudzakhala pampando wa mayi ako. Ndili ndi wanga, ndinasoka ndekha. Ndipo usamayese ndinawathamangira bambo akowa. Atandifunsira ndinawauza kuti ine sindikwatiwa ndi munthu wa njinga yakufa, abwere ikadzalira. Ndimayesa siidzalira!"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinabwerera m'mwamba n'kupeza thelere lapserera, ndipo ndinakhala pansi m'khitchini kulira ngati maliro achitika kachiwiri.

A Sobhi ndinawasala mawu masiku angapo. Nditawafunsa kenako, anati Bambo anawalumbiritsa, ndipo apongozi akakupempha chinthu atakugwira dzanja sungakane. Anatinso kuli bwino ndiwakwiyire chaka chonse kusiyana n'kuti adzanyamule chithatha cha munthu amene anafa ndi kukhala pawindo. Ndinawauza kuti mawu okomawo akadandiuza ukwati usanachitike. Mpaka lero tiyi akudzithirira okha.

Ndinkayesa ndamva zonse. Lachiwiri Bambo anabwera kudzatenga zovala ndi mankhwala awo, poti tsopano akukhala kwa mayiwo. Ali pakhomo anandiuza, ngati akunena za nyengo, kuti Lachinayi likubwerali anyamuka kubwera kwanuko ku Tahta. Pa njinga. Awiriwo. Kuchokera kunyanja kuno mpaka kwanuko ku chigawo cha Sohag, pamsewu wodzaza malole uja, munthu wa mtima wodwala! Akuti akufuna kukaona manda a Amayi, ndiponso kukaonetsa akazi awo kwa abale masana dzuwa likuswa mtengo, kuti pasadzakhale wonena kuti anabisala.

Ndinawauza kuti sitima ilipo. Anati sitima sanamange ndi iwo. Ndinathamangira kwa dokotala wawo, amene anagwira mutu n'kunena kuti sakuvomereza, koma sangawamange ndi chingwe. Anangolamula kuti aziyenda m'mawa mokha, masana azipuma, ndipo mapiritsi asamadumphitse. Ndinabisa kiyi wa njingayo. Analumikiza mawaya awiri ine ndikuona, njinga n'kulira, kenako anandifunsa mwaulemu ngati pali china chimene ndikufuna kubisa.

Akuti adzagona kwa abale a mayiwo ku Beni Suef, kenako ku Minya, choncho kwanuko adzafika Loweruka kapena Lamlungu. A Sobhi abwereka galimoto ya mnzawo ndipo aziwatsatira chapatali. Bambo sakudziwa zimenezi, musadzawauze.

Dzulo anabweranso n'kundiuza kuti ndikwere, kamodzi kokha. Ndinakana, koma kenako ndinapezeka ndakhala m'kangolomo. Anandiyendetsa m'mbali mwa nyanja. Ndinakuwa njira yonse ndikuitana Mulungu, chonsecho sankathamanga n'komwe, mpaka ngolo ya hatchi inatipitirira. Nditatsegula maso ndinawayang'ana. Msana unali wowongoka, masaya adzaza, akung'ung'udza kanyimbo. Ndikadakumana nawo pamsewu mwina sindikadawazindikira.

Tinaima pogulitsa chimanga chootcha. Anagula chimodzi n'kuchithyola pakati monga ankachitira tili ana. Kenako, akuyang'ana kunyanja, anandifunsa kuti, "Ukuganiza kuti mlongo wako Refaat adzanditsegulira geti?" Malole sakuwaopa, Achimwene, ngakhale mtima wawowo sakuuopa. Akuopa inu. Zonse zimene ndaona masiku ano, chimenechi ndicho chandizunguza kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Akafika, mudzatsegule geti nokha, osatuma mwana. Mudzapsompsone dzanja lawo monga mwa masiku onse, anthu akuona, makamaka amalume, chifukwa onse adzayang'ana nkhope yanu kuti adziwe chochita. Mayiwo adzapatsidwe madzi ndi pokhala ngati mlendo aliyense wochokera kutali. Zokalipa mudzakalipe mawa lake chitseko chili chotseka, ndipo mudzandisiyireko, poti nanenso zanga sindinamalize. Koma mukadzawabweza pageti, mukuwadziwa Bambo. Adzatembenuza njinga nthawi yomweyo ali otopa choncho, ndipo msewu umenewo sadzaumaliza.

Sindikunena kuti ndavomereza. Ndikayang'ana chithunzi cha Amayi pakhoma mtima umandiwawa ngati ndawagulitsa. Ndikungonena kuti kholo latitsalira ndi limodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sabah, ndipo muwauze nkhaniyi Lachinayi lisanafike kuti asadzagwe pakhomo. Moni kwa ana onse, kwa azakhali a Badriya, kwa amalume a Fathallah ndi amalume aang'ono, ndi kwa msuweni wathu Nagwa amene ndamva kuti wachira mwana wamkazi, Mulungu amukulitse. Ana anga akuti moni. A Sobhi nawonso akuti moni, koma akuti adzaima kaye kutali mpaka adzaone mmene mwalandirira alendo.

Mayiwo sindinapezebe dzina lowaitanira. Loti Amayi likukana kutuluka pakamwa panga, ndipo kuwatchula dzina lawo Bambo akumva sindingathe. Pakali pano ndimangoti "inu". Mukadzapeza lina kumeneko, mudzandiuze.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tahani