Msonkhano Wosankha Nsomba za Thanki ya Bambo Kamphinda

GULU LA OWETA NSOMBA ZOKONGOLETSA M'NYUMBA, LILONGWE
Msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kunyumba kwa Bambo ndi Mayi Kamphinda, Area 9

Opezeka: Bambo Frazer Chimphepo (Wapampando), Mayi Lizzie Kalumbu (Mlembi), Bambo Clifton Chadza, Bambo Twahir Jafali, Mayi Zubeida Matola
Mlendo: Mayi Alinesi Kamphinda
Opepesa: Bambo Lughano Mwakasungula

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko masana, pakhonde, ndi pemphero la Mayi Matola.

2. Cholinga

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti Bambo Benedicto Kamphinda, omwe anayambitsa gululi, anadwala sitiroko mu Epulo. Mbali yakumanja ya thupi lawo inafa ndipo akulankhula movutika. Ali m'chipatala, kunyumba magetsi anathima masiku awiri, pampu ya mpweya inaima, nsomba zawo zinafa, kungotsala mbuna imodzi yamphongo, nsomba yaukali ya m'miyala ya m'nyanja ya Malawi.

Mayi Kamphinda anati chitulukireni m'chipatala abambo amangokhala moyang'ana thankiyo, chakudya akukana, ndipo masewera olimbitsa thupi anasiya. Anati iwo za nsomba sadziwa chilichonse, koma akufuna thankiyo idzadzenso.

3. Nsomba zoyenera kukhala pamodzi

3.1 Bambo Chadza anati nkhaniyi ndi yosavuta: muikidwe mbuna zokhazokha, poti ndi nsomba zakwathu ndipo Bambo Kamphinda akhala akuziweta zaka khumi ndi zisanu. Anati kuwaikira tinsomba takunja ndi kuwanyoza.

3.2 Bambo Jafali, omwe amadula magalasi ku Old Town ndipo ndi omwe anamanga thankiyo, anati ndi yamalita 120 okha. Anati mbuna yotsalayo yazolowera kukhala yokha, ndipo iliyonse yolowamo idzathamangitsidwa mpaka kufa. Anati mbuna zimafuna munthu wodziwa kusuntha miyala ndi kulekanitsa zomenyana, pomwe tsopano wosamalira akhala mayiwo.

3.3 Mayi Matola anapereka maganizo oti muikidwe nsomba zofatsa: magupi, mapulate ndi timilamba ting'onoting'ono todya pansi. Anati izi siziukirana ndipo zimagwirizana pa madzi ndi kutentha komwe. Anawonjezera mashirimpi ofiira, omwe ndi tinkhanu tating'ono todya ndere, koma anachenjeza kuti mbuna ikhoza kuwamaliza tsiku limodzi, komanso amafuna zomera zobisalamo.

3.4 Wapampando anafunsa ngati nsomba zagolide sizingachite. Anayankhidwa kuti zimakula kwambiri, zimadetsa madzi ndipo nazonso zimadya mashirimpi. Wapampando anabweza maganizowo.

3.5 Bambo Chadza anati nkhono zotsuka galasi akhoza kukatola okha kumtsinje. Mayi Matola anakana kwamtuwagalu, ponena kuti nkhono zina zakumtsinje zimafalitsa likodzo ndipo m'nyumbamo muli kale wodwala. Anagwirizana kuti nkhono zichokere m'thanki ya membala.

3.6 Bambo Chadza anabwereranso ku mfundo ya mbuna. Bambo Jafali anawafunsa ngati azibwera m'mawa uliwonse kuchokera ku Area 10 kudzavuula zakufa. Panali kukwezerana mawu ndipo Wapampando anapempha bata kawiri.

4. Maganizo a eni thanki

Mayi Kamphinda anapempha kulankhula. Anati: "Abale anga, mukuwakamba abambowa ngati tinawaika kale m'manda. Ali pabalazapo, ndipo makutu awo ndi abwinobwino. Bwanji osawafunsa?"

Wapampando anapepesa m'malo mwa komiti. Msonkhano unasamukira pabalaza, pafupi ndi thanki, pomwe Bambo Kamphinda anali pa njinga yawo ya odwala.

Mlembi anawawerengera maganizo onse awiri, ndipo Mayi Matola anawaonetsa zithunzi pa foni. Bambo Kamphinda anayang'ana mbuna ija nthawi yaitali. Kenako analoza nsombayo ndi dzanja lamanzere, nalozanso Bambo Chadza. Atafunsidwa ngati akuti aitenge, anagwedeza mutu kuvomera, nati: "Mu... isunge."

Bambo Chadza anati aiika m'thanki yawo yaikulu ndipo azitumiza kanema wake sabata iliyonse. Anapempha kutuluka panja pang'ono, ndipo anabwerera patapita mphindi zisanu.

Pa zithunzi zija, Bambo Kamphinda anasankha magupi, timilamba ndi mashirimpi. Mapulate anawakana. Mayi Matola atati abweretsa zonse Lolemba, Bambo Kamphinda anamenya mkono wa njinga nayesa kulankhula katatu. Mayi Kamphinda anamasulira kuti akuti "pang'onopang'ono". Bambo Jafali anavomereza kuti kuthira nsomba zambiri nthawi imodzi kumawononga madzi, ndipo anati komiti yonse inaiwala lamulo lomwe inaphunzira kwa Bambo Kamphinda omwewo.

5. Zomwe anagwirizana

(a) Bambo Chadza atenge mbuna lero lomwe.
(b) Bambo Jafali achotse miyala ina, adzale zomera, aone hita yotenthetsera madzi poti kwazizira, ndi kulumikiza pampu ku batire.
(c) Magupi asanu ndi limodzi alowe pa 21 Juni. Timilamba tidikire masabata awiri. Mashirimpi ndi nkhono zilowe zomera zikagwira.
(d) Mayi Matola aphunzitse Mayi Kamphinda kusintha madzi ndi kuchotsa kolorini m'madzi apampopi. Kudyetsa kukhale ntchito ya Bambo Kamphinda, kawiri patsiku.

6. Zina ndi zina

Mayi Kamphinda anapempha kulowa m'gululi ndipo analandiridwa ndi onse. Anafunsa ngati magupi asanu ndi limodzi sachepa m'thanki yaikulu chonchija. Mayi Matola anawauza kuti magupi amaswana mwezi ndi mwezi, ndipo pofika Khirisimasi adzakhala akugawira Area 9 yonse.

Bambo Kamphinda anaseka mpaka kutsokomola. Mayi Kamphinda anati aka n'koyamba kuwamva akuseka chiyambire Epulo, ndipo anapempha kuti zimenezi zilembedwe. Wapampando analola.

7. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 12 Julaye 2025, 2 koloko masana, pabalaza pomwepa.

8. Kutseka

Msonkhano unatha 3:40 masana ndi pemphero la Mlembi.

Frazer Chimphepo, Wapampando ....................

Lizzie Kalumbu, Mlembi ....................