Sitima Inaima Pakati pa Nyanja

Arlington, 1978

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno tili moyo, kungoti kukuzizira.

Kutchalitchi ndinakumana ndi mzungu wokalamba amene ankagwira ntchito m'sitima yapamadzi ya apaulendo, yomwe pankhondo yachiwiri ya dziko lonse inasanduka yonyamula asilikali. Atamva kuti ndine Mmalawi, anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

Akuti msilikali wina wakwathu wa gulu lankhondo la Keyala atamwalira pa ulendo wa ku Burma, anzake anakana kuti mtembo uponyedwe m'madzi mwakachetechete. Anaimba nyimbo zamaliro mpaka kaputeni anaimitsa sitima, kenaka onse anametana mpala ngati kumudzi. Amalume, tsiku limenelo ndinayenda mutu uli m'mwamba!

Akuti malemuyo anali wamtali, wampata pamano, ngati bambo anga amene sanabwereko kunkhondo aja. Dzina sindinafunse. Amayi musawauze kaye.

Ine muphwa wanu,
Goodwin