Amayi a ophunzira anga akulowa m'kalasi pafoni

Aphungu,

Ndimaphunzitsa uinjiniya wa milatho payunivesite, ndipo ndikadali pa chaka choyeserera. Ophunzira anga ankangowodzera. Ndiye ndinawauza kuti azilowa ndi mafoni, aziwaika pakamlatho kachitsulo kamene tinapanga, n'kumayeza mmene kakugwederera munthu akapondapo. Kalasi inadzuka, Aphungu! Ngakhale Muhannad, amene ankabwerera tulo basi, tsopano amalimbirana mpando wakutsogolo.

Vuto ndi amayi a ophunzirawa. Atangomva kuti mafoni sakuzimitsidwanso, anayamba kuimba. Ndipo mukudziwa, mwana sadula foni ya mayi ake. Dzana foni ya Muhannad inalira ili pamlatho, miyeso yonse n'kusokonekera. Anayankha, kenako n'kundipatsira: "Dokotala, amayi akuti akulonjereni." Ndikanakana bwanji?

"Mwana wanga," anatero mayiwo, "Muhannad wachoka osadya, umuuze agule buledi pobwera. Iwenso Lachisanu ubwere kudzadya mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa uja, mawu akowa ndi a munthu wowonda." Kalasi yonse inafa nalo phwete.

Sabata yamawa Dokotala Ghassan, mkulu wa dipatimenti yathu, adzakhala m'kalasi kuti aone ngati ndikuyenera kulembedwa ntchito. Iwo foni safuna n'kuiona komwe. Mantha andigwira. Kodi ndiletse mafoni, ana abwerere kutulo?

R. T., Irbid

A R. T.,

Musaletse. Mwadzutsa Muhannad, ntchito imene amayi ake omwe inawakanika.

Amayi simungawaletse kuimba, koma mungawayambirire. Wophunzira aliyense aziimbira kwawo ali pakhomo la kalasi, anene kuti wadya ndipo aimbanso akatuluka. Akatero atseke netiweki. Foni imayeza kugwedera popanda netiweki, zimenezi mukuzidziwa kuposa ine.

Dokotala Ghassan musawasiye kumbuyo atapinda manja ngati woweruza. Apempheni mwaulemu aponde okha kamlathoko, ana awawerengere zimene mafoni apeza. Injiniya ndi injiniya, adzafuna kutsutsa manambalawo, ndipo akayamba kutsutsa ndiye kuti mwawakola.

Ku mansaf pitani. Mukakhuta muwafotokozere amake Muhannad nthawi ya kalasi yanu. Pofika madzulo amayi ena onse adzakhala atamva.

Koma chenjerani. Tsikulo, musanalowe, muimbire amayi anu. Akakuimbirani pamaso pa Dokotala Ghassan, tonse tikudziwa kuti muyankha.