Kachala ka Roza

Lachiwiri, 4 Marichi

Mvula chiyambire m'mawa, mapiri a Ntchisi osaoneka. Netiweki pachulu pokha, kuseri kwa khola. Faith wayankha, mkonzi wa kamagazini ka pa intaneti ku Lilongwe, kamene kamatulutsa nkhani za akazi okondana okhaokha. Yanga waitenga. "Iyi ndiye nkhani asisi, musasinthe kanthu." Ngati ndinamufunsa. Tinali kalasi imodzi ku yunivesite. Iye anamaliza, ine ndinabwerera kuno ku Bowe chaka chachitatu chili pakati. Chiganizo chowongoka sanalembepo chibadwire. Lero ndi amene akundichonga.

Komabe ndavina ndekha pachulupo, m'matope.

Lachinayi, 6 Marichi

Wanditumizira nkhani za ena kuti ndiziunike. Zomvetsa chisoni. Vinyo, makandulo, bafa la thovu. Kuti kumeneko? Angokopera za azungu. Wolemba wina akazi a m'nkhani yake avulana m'ndime yoyamba, ife mayina tisanawadziwe. Ndamulembera: chedwa. Kukoma kuli pa kudikira, chitenje chisanamasuke. Thupi usalitchule ngati namwino, usalitukwanenso ngati kondakitala. Lemba pamene dzanja laima, mmene mpweya wasinthira, ndani mwa awiriwo akuopa kwambiri. Ndipo mkaziyo akhale ndi kanthu kakekake, kamene wina aliyense alibe. Wopanda kanthuko ndi chidole cha m'sitolo.

Yanga ili nako. Chigafa masana, fungo la fodya wamuwisi, utomoni wakuda m'manja, kachala koduka kakutsika pamsana pang'onopang'ono. Faith akuti pa kachalapo anaika foni pansi.

Lamlungu, 9 Marichi

Misa. Roza kutsogolo kuimbitsa kwaya, dzanja m'mwamba, kachala kodukako kakukwera ndi kutsika pamaso pa parishi yonse. Thukuta kumsana kwanga. M'nkhanimo dzina lake ndinasintha, langa ndi lobisa, koma amayi a kachala koduka, osoka fodya, oimbitsa kwaya, alipo angati m'Dowa muno? Mlamu wake Fanny ali ku Lilongwe, chilichonse chogwera mufoni mwake amaponya pagulu la banja. Mwamuna wake Yoswa akangomva, Roza wataya banja, ana, kwaya, mwina mpaka kupolisi. Ine ndingataye chiyani? Anthu ananditcha kale wopenga ndi mabuku.

Roza sadziwa n'komwe kuti nkhaniyi ilipo.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndaikonza. Fodya wasanduka tiyi. Bowe wasanduka Mulanje, kumene sindinapondeko. Zala zonse zilipo, zokongola, za aliyense. Nkhani yafa. Ndaiwerenga mokweza, kumveka ngati malangizo a pathumba la feteleza. Faith: "Mwaipheranji? Bwezerani yoyamba ija pofika Lolemba, apo ayi malo atenga wina." Kulimba mtima n'kosavuta uli mumpanda wa njerwa, mlonda pageti.

Sindikukhazikika. Ndasesa pabwalo posesa kale.

Loweruka, 15 Marichi

Yoswa anapita ku Dowa boma. Ndinapita kukathandiza Roza kusoka fodya. Ndinamuwerengera ya Mulanje, ndimati asangalala kuti ndikulembanso. Anamvetsera singano ili m'manja, osasoka. Nditamaliza: "Ndiye ndani ameneyu wa ku Mulanje? Wa ku sukulu kwanu kuja?" Ndinaseka. Kulakwa koyamba. Ndinati ndi wongopeka. "Wongopeka umamudziwa mpaka mmene amanjenjemerera ukamupsompsona pakhosi? Ine ndimayesa ndi zathu ziwiri, kani unabwera nazo." Pakamwa panga paja. Ndinati ukanakhala wowerenga nkhani ukanamvetsa. Kulakwa kwachiwiri. Anandilanda singano. "Pitani mukathyole tiyi ndi mnzanuyo, madamu a yunivesite."

Inu. Kwa ine.

Ndinabwerera utomoni uli m'manja, sopo wakanika kuuchotsa.

Lamlungu, 16 Marichi

Sanandiyang'ane. Waimbitsa bwino kuposa masiku onse, mfiti.

Lolemba, 17 Marichi

Faith waimba, sindinayankhe. Ndamulembera kuti zonse ziwiri azifufute, ndi mufoni mwake momwe. "Mwataya mwayi asisi." Mwayi wa ndani.

Ndiye basi. Nkhani yabwino yoyamba pa moyo wanga, woti aimve watsala mmodzi, amene sakundilankhula. Njira yoti akhulupirire kuti wa ku Mulanje kulibe ndi imodzi: amve yoyambayo, adzipezemo yekha ndi kachala kake. Koma akaimva adziwanso kuti ndinamutumiza ku Lilongwe wosavala, osamupempha, kuti anzanga akale andiombere m'manja. Za wa ku Mulanje mwina akanandikhululukira. Ichi kaya.

Foni yadzaza moto. Njinga ya Yoswa yadutsa kulowera kumsika. Ndikachedwa ndiyamba kuganiza, ndikayamba kuganiza sindipita kwa Roza.