Ndime Imene Mulibe mu Kompyuta

Akhmim,
28 Januwale 2024

Okondedwa achemwali a Nargis,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Toronto sichinakuthereni mawondo. Akulemba ndi mwana wanga Damiana, ndipo ndamuuza kuti asakometse liwu ndi limodzi lomwe.

Mumuuze mwana wanu Ghattas kuti mphatso yake inafika. Makanema awiri aakulu ngati zitseko, oonetsa mawu a nyimbo, awapachika m'tchalitchi, wina kumbali ya amuna, wina kumbali ya akazi, ndipo anthu akumudalitsa. Ine sindinamudalitse. Zaka makumi asanu ndatsogolera nyimbo muno osadziwa chilembo, zonse ndinazitenga pakamwa pa abambo, ndipo anthu ankayang'ana pakamwa panga. Lero ndikamaimba ndimangoona zibwano, onse makosi m'mwamba ngati nkhuku zikumwa madzi.

Wodina kompyuta ya makanemawo ndi Fanous wogulitsa mankhwala uja, mwana wa ometa tsitsi. Imvi ali nazo, makutu alibe. Mukudziwa kuti Aleluya wa pachikondwerero timamukoka mpaka wansembe amalize kuzungulira guwa ndi lubani. Iyeyo akaona liwu limodzi pakanema amayesa latha, n'kudina. Anthu ali kale pa nyimbo ina, ine ndikadali pakati pa Aleluya ndekha. Ndinamufunsa kuti, "Iwe Fanous, ukuthamangira sitima?" Akuti, "Amalume, makinawa sadziwa kukoka mpweya." Ndinati, "Ndiye mwapezana."

Koma chimene ndikulemberani ndi ndime yathu ija, ya amuna asanu ndi awiri amene anamira mu Nile atanyamula miyala yomangira tchalitchi chino. Mu kompyuta mulibe, poti nyimbo zake anazisanja anthu a ku Cairo amene satidziwa. Fanous anabwera kunyumba ndi Abuna Bisada, wansembe wathu watsopano, kuti ndiwatchulire mayinawo awalowetse. Abuna akuti, "Bambo Wissa, tikuopa ingatayike." Itayike ine ndili moyo? Ndinawapatsa tiyi, n'kuwauza kuti anthu ofera m'madzi sindingawatsekere m'bokosi la magetsi, ndimeyo malo ake ndi m'chifuwa muno. Anamwa tiyi wawo n'kumapita.

Lamlungu lapitali linali tsiku lowakumbukira. Titafika pa ndimeyo Abuna analamula kuti makanema azime, ndipo anthu onse anatembenukira kwa ine monga kale. Ndinaimba Tadros, ndinaimba Zakhari, ndinaimba agogo athu a Abadir, kenako Sarabamon. Pamenepo ndinatsokomola, lubani wa masiku ano amakanda kukhosi. Ndinayambiranso, n'kudzaimanso pa Sarabamon pomwepo. Dzina lachisanu silinabwere. Kale nkhalamba ina ikanandiponyera dzinalo kuchokera kumbuyo, koma oidziwa ndimeyi ali kumanda, ndipo otsalawa nzeru zawo zili pakhoma. Ndinalumpha n'kuimba awiri omaliza.

Palibe amene anazindikira, achemwali. Anthu mazana atatu. Fanous mpaka anandigwira dzanja pakhomo, akuti, "Lero ndiye mwaimba, amalume." Ndikanakhala ndi ndodo pafupi.

Damiana wasiya kulemba, akundiyang'ana. Lemba iwe.

Sikuti ndaiwala. Dzinalo lili pafupi, kungoti chibwerere makinawa mutu wanga sukhala phee. Koma inu munkaimba motsatira abambo uku mukukanda buledi, ndipo munkagwira msanga kuposa ine, ngakhale sindinavomerepo. Musalilembe pakalata, ndipo Ghattas asamve, angauze Fanous. Mudzaimbe pafoni ya Damiana, ndipo muimbe ndime yonse kuyambira kwa Tadros, pang'onopang'ono, ine ndidzalowa tikafika pamenepo.

Mundiperekere moni kwa apongozi anu ndi adzukulu. Ghattas naye mumupatse moni, ndi mwana wathu ndithu. Mudzisamale ndi chisanucho, muzivala zofunda, ndipo musachedwe kuimba, poti inu ndi ine takula. Munthu wachisanu wa m'ndime uja anamira kale kamodzi, asamirenso.

Ine mlongo wanu,
Wissa