Timibulu Tiwiri ta Amayi

Loweruka, 9 Januwale 2021

Kumudzi. Mvula kuyambira ku Mvera mpaka pakhomo. Wakabaza wanditsitsira pamtsinje, akuti phiri lakwathu njinga yake sikwera. Nsapato m'manja, matope mpaka m'mawondo, mphunzitsi wathunthu ine.

Ndabweretsa mankhwala a Amayi. Puredinisoloni yemwe uja, timibulu tiwiri m'mawa uliwonse, chaka chachisanu tsopano. Popanda timeneti nyamakazi imawapinda zala mpaka kulephera kumanga duku. Kuchipatala andipatsa a miyezi itatu, timibulu 180, kuti asamapitepiteko nthawi ya korona ino. Adokotala andiuza zinthu ziwiri. Asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, thupi linazolowera, akangosiya mwadzidzidzi akhoza kufa. Chachiwiri, asamakhale pagulu, mankhwalawa amachepetsa chitetezo cha m'thupi.

Ndifike pakhomo, Amayi kulibe. Ali kuti? Ku maliro kutsidya, achitatu sabata ino. Wondiyankha ndi Manesi, mkazi wa mchimwene wanga Nowa, ali m'chigafa kusoka fodya, mutu osadzutsa n'komwe. Ndiye amakhala nawo. Ndiye ndinamusiyira buku la kuchipatala. Iye kungowayang'ana akupita!

Abwera chakumadzulo, bulauzi yoyera ya Chigwirizano, masiki ili pachibwano ngati ndevu, mawu atasasa ndi kuimba. Ndalankhula. Sindinasankhe mawu. Ndawauza kuti munthu womwa mankhwala amenewa chitetezo chake chimachepa, sapita ku maliro, basi, nkhani yathera pomwepo. Iwo: "Tamva, aphunzitsi." Akanditchula aphunzitsi m'malo mwa Diana ndimadziwa kuti ndawapweteka.

Zilibe kanthu. Bola akwiye ali moyo.

Lachitatu, 13 Januwale

Ku Mvera. Dzulo nduna ziwiri zapita ndi korona tsiku limodzi. Anthu okhala ndi madokotala awoawo. Nanga ife?

Kalasi yanga ana 94, chidebe chosambira m'manja chimodzi, sopo anasowa Lolemba. Aliyense akatsokomola mtima wanga thi.

Ndaimbira Manesi. Akuti m'mudzi mwagwa maliro ena ndipo Amayi sanatuluke, anangokhala pakhonde kumvetsera nyimbo. Mwaonatu? Kulankhula kumathandiza. Anthu onsewa pakhomopo amawaopa, kuyembekeza ine woipa mtima ndibwere kuchokera ku Mvera.

Akutinso Amayi atenga botolo la mankhwala kukaliika kuchipinda kwawo, akuti si mwana, azimwa okha. Manesi amanena ngati wadandaula. Ndamuuza awasiye, zaka zonsezi amwa osavuta.

A Hana akudwala, mnzawo wa Amayi uja wa kumtunda kwa tchalitchi. Chifuwa, kubanika. Akana kuchipatala.

Lolemba, 18 Januwale

Sukulu zatsekedwa. Ana kukuwa ndi chimwemwe ngati awina mpira.

Nowa waimba. Iye kuimba foni ndiye kuti zavuta. Akuti Amayi afooka, mawondo atupa, sakudya bwino. Ndamufunsa kuti zinayamba liti. "Kaya, funsani alamu anu." Mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, nyumba yake yoyang'anizana ndi yawo, yankho lake kaya. Fodya yekha ndiye amamudziwa kuti tsamba lakhwima liti.

Mawa ndikupita.

Lachitatu, 20 Januwale

Kumudzi kuyambira dzulo. Amayi si omwe ndinawasiya. Zala zatupa, kapu akuigwira ndi manja awiri. Akaimirira chizungulire. Thupi silikutentha, sakutsokomola. Ndiye n'chiyani?

Ndakhuthulira botolo pa mbale, kuwerenga kawiri. Atsala 158. Ndendende, palibe tsiku lomwe ladumpha.

Masana ndituluke kuseri, ndapeza chomwe ndimachisaka. Manesi wawafunditsa Amayi bulangete, pansi mphika wa masamba a bulugamu ukufuka. Pambali kapu ya jinja, mandimu, adyo ndi zina zomwe wamva pa foni. Tsiku lililonse, akuti, kuyambira sabata yatha. Munthu wodwala kale, wa mankhwala a kuchipatala! Mapanga awiri avumbwitsa. Mphikawo ndaukhuthulira kudzala iye akuona.

Anangoti: "Alamu, mudzi wonse ukufukiza, ine ndimafuna kuwateteza." Ndamuuza kuti mudzi wonse sumwa puredinisoloni. Sitandade 6 yake ndamukumbutsanso. Mwina pamenepo ndinapitirira. Koma ndani wandikumbutsa kuti ndipume, ine?

Lachisanu, 22 Januwale

Masiku awiri opanda bulugamu. Palibe kusintha. Nseru yawonjezeka.

Tsopano mankhwala ndikupereka ndekha. Timibulu tiwiri m'dzanja lawo, kapu ya madzi pambali. "Ika apo, ndimwa phala likazizira." Ndikabwerako m'dzanja mulibe kanthu, madzi atsika. Chabwino.

Ndati tipite kuchipatala. Akana. Akuti kumeneko akangoona nkhalamba yofooka akaitsekera mu tenti ya korona, yokha, ndipo ikafa ibwera yokulungidwa m'pulasitiki, ana ake osaona nkhope. Nowa akuti mtsinje wadzadza, tidikire. Aliyense pakhomo pano ali ndi chifukwa chodikirira. Ine ndekha wamisala.

Ola lililonse funso limodzi: Hana ali bwanji? Atuma Manesi, atuma Nowa. Uthenga womwewo, zikuipirabe. Andiuzanso nkhani yomwe ndaimva kambirimbiri, kuti Bambo atamwalira ndi a Hana amene anawagwira dzanja kuchokera pasiwa mpaka kumanda, n'kudzakhala nawo mwezi wathunthu, kuwatungira madzi. Anapangana kuti wotsalayo adzayambitse nyimbo pa maliro a mnzake.

Kenako funso lachilendo: "Chitetezo chijachi chikachepa, chimabwerera pakatha masiku angati?" Ndinali ndikutsuka beseni lomwe anasanziramo. Ndawayankha kuti ine si dokotala.

Ndatopa. Ndakwiya ndi nyamakazi, ndi korona, ndi mvula, ndi aliyense amene akugona bwino m'dziko muno.

Lamulungu, 24 Januwale

A Hana apita m'mawa uno. Kuika mawa.

Amayi sanalire. Anangoti Manesi aike makala mu simbi, awasitire bulauzi. Munthu woti kupita kuchimbudzi tikumugwirizira! Ndati ayi. Iwo: "Maliro n'kulirana, Diana. Ine ndikapanda kupita, anga adzaimba ndani?" Ndati anuwo ndi amene ndikuwakana. M'nyumba ya maliromo anthu adzadzana kale, mawindo otseka, aliyense kuimba pakamwa pa mnzake. Lamulo la boma loti pamaliro pasapitirire anthu 50 lija kuno analimvera pa wailesi basi.

Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Usadandaule, ine ndinakonzeka kale." Kukonzeka kotani? Sindinafunse. Ndinalibe mphamvu zomvera ulaliki.

Bulauzi ndi duku ndazibisa m'chikwama changa, pansi pa mabuku a ana. Ndine mwana wankhanza, sindikukana. Adzanenere anthu choncho.

Lachiwiri, 26 Januwale

Kuchipatala, pabenchi panja pa wodi ya amayi.

Ndilembe zadzulo ndisanaiwale. Ndinakwera pachulu cha kumunda kukasaka netiweki, ndiimbire adokotala za kusanza kuja. Mphindi makumi atatu zokha. Pobwera chikwama changa chotsegula, mphasa yopanda munthu. Manesi ndiye anawaveka. Manesi ndiye anawagwirizira njira yonse yokwera.

Ndinawapeza kumanda. Bokosi likutsika, iwo atatsamira pa phewa la Manesi, akuyambitsa nyimbo, mawu ang'onong'ono. Amayi anzawo analandira. Ndime yoyamba isanathe, miyendo inagonja. Pansi khu, m'matope.

Ngolo mpaka kumsewu. Kenako lole ya munthu wa mbatata. Njira yonse maso atatembenuka, manja ozizira.

Adokotala: kuthamanga kwa magazi kwatsikiratu, shuga watsika. Atsegula buku, n'kundifunsa kuti mankhwala anasiya liti. Ndati sanasiye, ndimawerenga ndekha. Iwo akuti thupi ili likunena zina, munthuyu watha masiku ambiri osamwa. Ndinakangana nawo, ine, pamaso pa anamwino. Jakisoni, diripi. Atenga ndi za m'mphuno kukayeza korona. Akuti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina, ndipo ngakhale panopa sanganene.

Ndinatuluka, ndinapeza Manesi pakhomo la wodi, matope a kumanda akadali m'miyendo. Zonse ndinamutsanulira. Kuti ngati sakumwa ndiye kuti iye amawabisira, kapena anawanyengerera asiye kuti azimwa zamasamba zake. Kuti anabwera chitengwa pamudzi pathu, si mayi ake, akafa iye sataya kanthu. Kuti mwina akuwerengera munda wa kudambo. Anthu odikirira odwala anasiya kuphika kumatiyang'ana.

Iye anatenga ndowa kukatunga madzi owasambitsira.

Lachitatu, 27 Januwale

Ndabwera kumudzi kudzatenga zovala ndi ufa. Amayi akadali chigonere, akutsegula maso pang'ono. Manesi watsala nawo, achipatala amalola wodikirira mmodzi.

Ndimati ndichape bulauzi ija. Ndatenganso kachikwama kawo kakuda ka kutchalitchi kuti ndikapukute matope. M'kati buku la nyimbo, magalasi, ndi kampango komanga mfundo. Ndimayesa ndalama za chopereka. Kumasula, timibulu toyera mbwee pamphasa.

Adokotala ananena zoona. Amachotsa tiwiri m'botolo m'mawa uliwonse, n'kumanga pa kampango. Ngakhale tomwe ndimawaikira m'dzanja ndekha. Madzi okha ndiwo amamwa.

Ndani anawauza kuti asiye? Ndinazungulira nyumba yonse ndikutchula mayina. Manesi. Mlaliki wa pa wailesi amene amakonda kumumvera. Amayi a kutchalitchi ndi mauthenga awo a pa foni. Ndinalumbira kuti ndikamudziwa ndikamukoka mpaka kupolisi.

Kenako ndinati ndiwerenge, ndidziwe tsiku lomwe anayamba, ndione amene anabwera pakhomo pano tsikulo. 32. Masiku 16. Kubwerera m'mbuyo kuchokera Lolemba la maliro, ndikufika pa 10 Januwale.

Ndatsegula buku lino. Tsamba la pa 9. Dzanja langa lomwe, inki yabuluu.

Adokotala anandiuza zinthu ziwiri. Amayi ndinawauza chimodzi.

Lachisanu, 29 Januwale

Korona alibe. Dzulo anakhala tsonga, lero amwa phala theka la kapu. Diripi achotsa. Adokotala akuti abwerere pa timibulu, ndipo ulendo wina thupi silidzapirira.

Manesi ndinamupeza kukhitchini kwa odikirira odwala, akukoleza moto ndi nkhuni zonyowa. Ndinagwada pa simenti pomwepo, pamaso pa anthu omwe aja. Ndinamupepesa. Iye anati: "Dzukani alamu, mudetsa chitenje." Kenako: "Ine ndinaona kuti ndikawakaniza apita okha, akagwa panjira." Za munda wa kudambo sanatchule. Bola akanandilalatira.

Amayi ndinawaonetsa kampango. Sanachite manyazi n'komwe. "Unanena wekha kuti womwa mankhwalawa sapita ku maliro. Hana anali atayamba kale kudwala. Ndinati ndisiyiretu, chitetezo chibwerere, tsikulo lindipeze ndili bwino. Ndakumvera, ndalakwa pati?"

Masiku 16 zala zikuwawa, akusanza, osanena kanthu, kukonzekera nyimbo imodzi. Ndawafotokozera chinthu choyamba chija, mochedwa ndi masabata atatu. Kuti kusiya ndiye imfa yapafupi kuposa korona. Amvetsera mpaka kumapeto. Anangofunsa ngati amayi aja anamaliza nyimbo yonse. Ndati anamaliza.

Ndikufunabe wokwiyira. Ndikuyang'ana wodi yonse, palibe.

Namwino wabweretsa timibulu tiwiri. Ndawaikira m'dzanja, ulendo uno sindichoka. Afumbata. Akuti amuna a a Hana nawonso ayamba kubanika, amva kwa Manesi. "Ndikamwa, udzandilola kupita?"

Ndikati ayi, ndikudziwa komwe timibuluti tidzathere. Ndikati inde, ndikudziwa za m'nyumba ya mawindo otseka ija.

Ndikulemba izi pabondo, pambali pa bedi. Akundiyang'ana. Kapu ya madzi ili pampando. Dzanja sanatambasulebe.